Britain ndi America kukhala dziko limodzi: njira zisanu ndi mtengo wa iliyonse

Ana asukulu amene ndimawathandiza kukonzekera mitsutso anandipeza masana ena atanyamula kapepala. Mutu womwe anapatsidwa unali wakuti Britain ndi America aphatikizane akhale dziko limodzi, ndipo iwo anagwera mbali yovomera. Mnyamata wina asanakhale n'komwe pa benchi anayamba: "Aphunzitsi, uwu ndiye wophweka. Chiyankhulo n'chimodzi, makolo ndi amodzi, kunkhondo amapitira limodzi." Ndinamufunsa mafunso awiri. Akaphatikizana, Mfumu Charles idzagwira ntchito yanji? Nanga munthu wa ku Texas akamapita ku London, mfuti yake adzaisiya pati? Mnyamata uja anayang'ana anzake, anzakewo n'kuyang'ana kapepala.

Ambiri amagwera pomwepo. Amavomera kapena kukana umodzi asananene kuti ndi umodzi wamtundu wanji. Njira zilipo zingapo, ndipo zimasiyana ngati chikamwini ndi chitengwa: konseko ndi ukwati, koma wosiya kwawo ndi wina. Ndalemba izi poganizira munthu amene ayenera kusankha njira imodzi n'kuiteteza pagulu, kaya pa mtsutso, kaya m'nkhani ya m'kalasi.

Lingaliroli si la dzulo. Mu 1877 Cecil Rhodes, uja kampani yake inadzalamulira maiko omwe lero ndi Zambia ndi Zimbabwe, analemba mu wilo yake yoyamba kuti chuma chake chidzathandize, mwa zina, kubwezera America mu ufumu wa Britain. Andrew Carnegie, wobadwira ku Scotland n'kukalemera ndi zitsulo ku America, analimbikitsa umodzi mu 1893. Mtolankhani Clarence Streit anabwera ndi pulani ya chitaganya cha maiko a demokalase mu 1939. Winston Churchill, mtsogoleri wa Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yemwe mayi ake anali a ku America, anatchula za unzika umodzi poyankhula ku America komweko, ku Harvard mu 1943 ndi ku Fulton mu 1946. Anthu anayiwa sankanena chinthu chimodzi.

Miyeso inayi

Njira iliyonse ndaiyeza ndi mafunso omwewo. Mtengo: ndani ataya chiyani, kuwerengera ndalama komanso ulamuliro ndi mabungwe amene anthu amawakonda. Kutheka kwake: kodi khomo la lamulo lilipo, nanga kiyi ali ndi ndani? Kusamalira: zikondwerero zikatha, ntchito ya tsiku ndi tsiku yosunga mgwirizanowo ndi yotani? Zoopsa: zikavuta, pali potulukira?

Nambala imodzi muisunge m'mutu. America ili ndi anthu pafupifupi 340 miliyoni, Britain pafupifupi 69 miliyoni. Pa munthu mmodzi wa ku Britain pali asanu a ku America. Pa chuma mpata ndi waukulu koposa: mu 2024 America inapanga chuma cha madola pafupifupi 29 thiriliyoni, Britain sinafike pa 4 thiriliyoni. Njira iliyonse imene ikulonjeza kuti awiriwa adzakhala ofanana mphamvu iyenera kufotokoza kuti njovu idzavomera bwanji kuyenda pa liwiro la ng'ombe.

Njira yoyamba: Britain ilowe ngati chigawo cha America

*Mtengo.* Wolipira ndi Britain, pafupifupi yokha. Malamulo aakulu a America amafuna kuti chigawo chilichonse chikhale ndi boma la ripabuliki, ndipo amaletsa zigawo kupereka maudindo achifumu. Ndiye kuti ufumu watha, ndipo nyumba ya ma Lord, yomwe ndi nyumba yachiwiri ya malamulo ku Britain, singakhalenso momwe tikuidziwira. Mpingo wa Church of England, umene uli ndi mipando 26 ya mabishopu m'nyumba ya malamulo, sungapitirize kukhala mpingo wa boma. Chigawo sichiloledwa kusindikiza ndalama yakeyake, choncho paundi ipita, ndipo Bank of England, yomwe yakhalapo kuyambira 1694, isiya kulamulira chiwongoladzanja. Asilikali, akazembe ndi mpando wokhazikika ku Security Council ya United Nations, zonsezo zipita ku Washington. Pamwamba pake anthu a ku Britain asenza nawo ngongole ya boma la America, imene inadutsa madola 36 thiriliyoni kumapeto kwa 2024.

Chobwezera si chaching'ono. Nyumba ya aphungu ya America ili ndi mipando 435 yogawidwa potengera chiwerengero cha anthu. Britain ingatenge yopitirira 70, pamene California, chigawo chachikulu kuposa zonse lero, ili ndi 52. Palibe wofuna upulezidenti amene angapambane osakachita kampeni ku Manchester ndi ku Glasgow.

*Kutheka kwake.* Pa pepala iyi ndi njira yosavuta kuposa zonse. Congress, nyumba ya malamulo ya America, ili ndi mphamvu yolandira zigawo zatsopano popanda kusintha malamulo aakulu. Texas inali dziko loima palokha kuyambira 1836, ndipo inalowa motero mu 1845. Vuto ndi ndale. Mipando 70 ija iyenera kuchotsedwa kwa ena: California yokha ingataye pafupifupi 9. Ndi phungu uti angavotere lamulo lomuchotsa ntchito? Kenaka pali funso lakuti Britain ilowe ngati chigawo chimodzi kapena zinayi. Ikalowa ngati England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland, itenga maseneta 8 m'malo mwa 2, poti chigawo chilichonse chimakhala ndi awiri m'nyumba yachiwiri ya Congress, ndipo chipani chimene chikuona kuti maseneta amenewo sadzakhala ake chidzatseka khomo. Alaska ndi Hawaii zinalowa chaka chimodzi, 1959, chifukwa chipani chilichonse chinkayembekeza kupindula ndi chimodzi mwa ziwirizo. Kuchokera pamenepo palibe chalowanso. Puerto Rico ili m'manja mwa America kuyambira 1898, anthu ake akhala akuvotera kangapo kuti alowe, koma mpaka lero akudikira pakhomo.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene mnyamata wanga uja anasowa chonena. Chipatala chaulere cha NHS, chomwe chinayamba mu 1948, chimayendera misonkho imene boma la London limatolera. Gawo lalikulu la misonkhoyo likayamba kupita ku Washington, chigawo cha Britain chiyenera kupeza ndalama ina. Chigawo cha Vermont chinayesa kukonza dongosolo lakuti boma lizilipirira chithandizo cha aliyense, koma chinasiya mu 2014 chitaona kukula kwa msonkho wofunika. Za mfuti ndi zovuta kuposa pamenepo. Munthu wina atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ya ku Dunblane mu 1996, Britain inaletsa pafupifupi mfuti zonse zam'manja. Khoti lalikulu la America linagamula mu 2010 kuti ufulu wosunga mfuti umamanga zigawo zonse. Lamulo la ku Dunblane lingagwe pa mlandu woyamba. Chilango cha imfa, chimene Britain inachichotseratu mu 1998, chingabwerere pa milandu ya boma lalikulu. Zina n'zazing'ono ndipo zingapirike: kuyendetsa galimoto kumanzere, magetsi osiyana mphamvu, ngakhale galoni, imene ku Britain ndi malita 4.5 pamene ku America ndi 3.8.

*Zoopsa.* Ukwati uwu ulibe kusudzulana. Zigawo zakummwera zitayesa kutuluka mu 1860 ndi 1861, panabuka nkhondo imene inapha anthu opitirira 600,000, ndipo mu 1869 khoti lalikulu linanena kuti chigawo sichingachoke chokha. Tsono pangano la mtendere la Good Friday la 1998 limapatsa anthu a ku Northern Ireland ufulu wochoka mu Britain n'kuphatikana ndi Ireland ngati ambiri avota motero. Malamulo awiriwa sangagone m'nyumba imodzi. Ku Scotland nako anthu 45 pa 100 aliwonse anavota mu 2014 kuti achoke mu Britain. Kuwauza kuti tsopano likulu lasamukira kutsidya la nyanja ya Atlantic, ndipo khomo lakhomedwa misomali, n'kuputa mavu.

Njira yachiwiri: chitaganya chatsopano cha maiko awiri

Iyi ikufanana ndi imene Streit ankafuna. Maiko onse awiri akhalepo ndi maboma awo, koma pamwamba pawo pakhale boma lina loyang'anira asilikali, ndalama, malonda akunja ndi unzika.

*Mtengo.* Uku ndiye kokha kumene America nayo ilipira. Congress ndi pulezidenti apereke mphamvu zina kwa boma latsopano. Britain isunga mfumu yake, NHS ndi malamulo ake a mfuti, monga momwe Scotland inasungira makhoti ake ndi mpingo wake italowa mu mgwirizano ndi England mu 1707. Onse awiri ataya chimodzi: mipando iwiri yokhazikika ku Security Council isanduka umodzi. Egypt ndi Syria ataphatikizana mu 1958, mipando yawo ku United Nations inasanduka umodzi, ndipo zinateronso ndi Tanganyika ndi Zanzibar mu 1964.

*Kutheka kwake.* Khomo ndi lolimba mbali zonse. Kusintha malamulo aakulu a America kumafuna magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri za Congress, kenaka zigawo 38 mwa 50. Zigawo 13 zokha zingaphe nkhani. Kusintha komaliza kunavomerezedwa mu 1992, ndipo kunali kutaperekedwa mu 1789. Ku Britain vuto ndi lotembenuka: kulowa n'kosavuta, koma palibe nyumba ya malamulo imene ingamange manja a yobwera pambuyo pake. Lamulo la 1972 linalowetsa Britain mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, lamulo lina linaitulutsa mu 2020. Kodi America ingasinthe malamulo ake aakulu chifukwa cha mnzake amene angatuluke ndi voti imodzi ya aphungu?

Maganizo otere amamveka bwino pamene nyumba ikupsa. Pa 16 June 1940, asilikali a Germany atalowa kale mu Paris, boma la Churchill linapempha France kuti maiko awiriwo akhale amodzi, unzika umodzi, nduna za nkhondo zimodzi. Nduna za France zinakana, ndipo nduna yaikulu Paul Reynaud anatula pansi udindo tsiku lomwelo. Ngati zinakanika mdani ali pakhonde, pa mtendere zingatheke bwanji?

*Kusamalira.* Mavoti awerengedwa bwanji? Akatengera chiwerengero cha anthu, America ipambana voti iliyonse mpaka kalekale. Akati dziko lililonse voti imodzi, ndiye kuti anthu 69 miliyoni azitsekereza anthu 340 miliyoni. Chitaganya cha ziwalo ziwiri chilibe wachitatu wothetsa mkangano. Tanzania yakhalitsa zaka zoposa 60, koma madandaulo sanathe: a ku Zanzibar amati anamezedwa, a kumtunda amati chilumba chili ndi pulezidenti ndi nyumba ya malamulo yakeyake pamene iwo alibe.

*Zoopsa.* Ife a kuno mawu akuti chitaganya sitichita kuwafufuza m'dikishonale. Cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 n'kutha pa 31 December 1963. Kunena zoona, icho chinali chokakamiza, ndipo anthu akuda sanafunsidwe, zomwe sizingafanane ndi maiko awiri ovota mwaufulu. Koma phunziro la komwe ndalama zimathera likadalipo. Likulu linali ku Salisbury (lero Harare), misonkho ya mkuwa wa ku Northern Rhodesia inkapita komweko, ndipo damu lalikulu linamangidwa pa Kariba pamene a kumpoto ankafuna la pa Kafue. Kumene kuli likulu ndi kumene kumanona. Cha Egypt ndi Syria chinatha mu 1961 pa dandaulo lomwelo lakuti Cairo ikulamula zonse.

Njira yachitatu: America ilowe mu Commonwealth

Za kubwerera pansi pa mfumu, monga ankalotera Rhodes, tisatayepo nthawi. Dziko limene limakondwerera 4 July chaka chilichonse, limene likulu lake linatenthedwa ndi asilikali a Britain mu 1814, silingagwadenso. Chotsala ndi Commonwealth.

*Mtengo.* Wochepa zedi: chopereka cha pachaka ndi kuvomereza kuti Mfumu Charles ndi mutu wa bungwelo, osati wa dziko lako. Kuyambira 1949, pamene India inaloledwa kukhalamo ngati ripabuliki, palibe amene amakakamizidwa kukhala pansi pa mfumu. Malawi inasanduka ripabuliki mu 1966 ndipo ikadali momwemo.

*Kutheka kwake.* Khomo ndi lotseguka kuposa onse. Mozambique inalowa mu 1995 ngakhale sinalamulidwepo ndi Britain, Rwanda mu 2009, Gabon ndi Togo mu 2022. Chofunika n'chakuti maiko onse 56 agwirizane nazo.

*Kusamalira.* Misonkhano ya atsogoleri ndi masewera. Basi.

*Zoopsa.* Zilipo zochepa, chifukwa kutuluka n'kosavuta: South Africa inatuluka mu 1961 n'kubwerera mu 1994, Zimbabwe inatuluka mu 2003. Choopsa chenicheni chili kwa inu wosankha njirayi, poti uwu si umodzi ayi. Mmalawi ndi nzika ya Commonwealth, koma amafunikabe viza kuti akaponde ku Heathrow. Phindu looneka limene nzika za Commonwealth zili nalo n'lakuti zikakhala ku Britain movomerezeka zimavota pa chisankho cha aphungu.

Njira yachinayi: maiko awiri, koma anthu ayende ndi kukhala momasuka

Iyi ndi ya Churchill, ndipo kwa ine ndi yokhayo imene ili ndi nyama. Maboma, mbendera ndi ndalama zikhale momwe zilili, koma nzika ya dziko limodzi ikhale ndi ufulu wokhala, kugwira ntchito, mwinanso kuvota, m'dziko linalo.

*Mtengo.* Palibe bungwe lililonse logwetsedwa. Mtengo uli pa anthu. Malipiro a madokotala, anamwino ndi akatswiri a makompyuta ndi okwera kwambiri ku America kuposa ku Britain, choncho ambiri angawolokere kumeneko. NHS ikasowa antchito imakasaka kunja, ndipo tikudziwa kumene imakasaka: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zipatala za ku Malawi zinataya anamwino ambiri opita ku Britain. Mbali inayo, NHS imathandiza aliyense wokhazikika m'dzikomo, ndiye munthu wa ku America wodwala matenda okwera mtengo angaone kuti kusamukira ku Leeds n'kotchipa kuposa inshuwalansi ya kwawo.

Palinso msampha wa msonkho. America imadula msonkho nzika zake kulikonse kumene zikukhala. Boris Johnson, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, anabadwira ku New York mu 1964, banja lake n'kubwerera ku Britain iye ali mwana. Patapita zaka makumi angapo, atagulitsa nyumba yake ku London, a msonkho a ku America anamutumizira bilu. Anadandaula pagulu, analipira, ndipo mu 2016 anataya unzika wa America. Mukati "unzika umodzi" mosasamala, wotsutsana nanu adzakufunsani ngati anthu 69 miliyoni adzayambe kudzaza mafomu a msonkho a ku Washington. Nenani kuti ndi ufulu wogawana, osati unzika umodzi.

*Kutheka kwake.* Zitsanzo zamoyo zilipo. Britain ndi Ireland akhala ndi dongosolo lotere kuyambira 1923, atangosiyana kumene mwa nkhondo. Munthu wa ku Dublin angakwere ndege lero, mawa n'kuyamba ntchito ku Liverpool, n'kuvota pa chisankho chotsatira. Australia ndi New Zealand ali nalo kuyambira 1973. America nayo imalola nzika za Micronesia, Marshall Islands ndi Palau kukhala ndi kugwira ntchito popanda viza. Sipafunika kusintha malamulo aakulu, lamulo wamba mbali zonse likwanira. Koma mphepo ya ndale ikuwombera kwina. Britain inatuluka mu European Union, mwa zina, pofuna kuthetsa kuyenda momasuka kotereku. Lero munthu wa ku Britain wokacheza ku America amayamba wapempha chilolezo pa intaneti, ndipo kuyambira January 2025 wa ku America naye amapempha chake asanapite ku Britain.

*Kusamalira.* Ntchito yambiri koma yodziwika: kugwirizanitsa mapenshoni, kuvomerezana masatifiketi a madokotala ndi maloya, kugawana mbiri ya anthu opalamula, kusankha kuti wobwera kumene adikire zaka zingati asanalandire thandizo la boma. Palinso khomo lakumbuyo la Ireland, chifukwa malire a pakati pa Northern Ireland ndi Ireland alibe mpanda.

*Zoopsa.* Chopatsidwa ndi lamulo wamba chimachotsedwa ndi lamulo wamba. Mu 2001 Australia inachepetsa thandizo la boma kwa anthu a ku New Zealand obwera kumene, ndipo zinatenga mpaka 2023 kuti iwatsegulire njira yachindunji ya unzika. Britain nayo ili ndi mbiri yake. Lamulo la 1948 linalola nzika za maiko a Commonwealth kulowa momasuka. Atayamba kubwera ochuluka kuchokera ku Jamaica, India ndi Pakistan, lamulo la 1962 linayamba kutseka khomolo, ndipo mu 2018 zinaululika kuti ena amene anabwera ali ana anathamangitsidwa m'dzikomo molakwika. Funso likubwera ndi lakuti: ngati chifukwa ndi chiyankhulo ndi mbiri, bwanji America osati Jamaica kapena Nigeria? Rhodes yankho lake linali la khungu, ndipo sankabisa. Inu konzani lina, poti America ya lero si ya zidzukulu za Angerezi zokha: pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ali ndi mizu ku maiko oyankhula Chisipanishi.

Njira yachisanu: ubwenzi womwe ulipo kale

*Mtengo.* Anthu amaiona ngati yaulere, koma si choncho. Britain inataya asilikali 179 ku Iraq ndi opitirira 450 ku Afghanistan, pa nkhondo zimene America inatsogolera. Ngongole ya madola 3.75 biliyoni imene inatenga ku America itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamalizidwa kubwezedwa mu December 2006.

*Kutheka kwake.* Ilipo kale, ndipo ndi yozama kuposa momwe ambiri amaganizira. Akazitape a maiko awiriwa amagawana zinsinsi pansi pa pangano la 1946, lomwe pambuyo pake linakokera Canada, Australia ndi New Zealand. Onse ali mu NATO kuyambira 1949. Pangano la 1958 limawalola kugawana ukadaulo wa zida za nyukiliya. Sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi za Britain zimakocheza ku Faslane ku Scotland, koma mizinga ya Trident imene zimanyamula imakonzedwa ku Kings Bay, m'chigawo cha Georgia ku America. Ndege zankhondo za America zimakhala ku Lakenheath, kum'mawa kwa England. Pa zankhondo ndi zaukazitape, awiriwa amadyera mbale imodzi.

*Kusamalira.* Pulezidenti aliyense watsopano amayenera kunyengereredwa mwatsopano. Pa malonda zinthu zimayenda mokwawa. Zokambirana za pangano lalikulu zinayamba mu 2020 n'kuima. Boma la Britain lenilenilo linawerengera kuti panganolo lingakweze chuma chake ndi 0.16 peresenti basi pa zaka 15. Zina zimene zimakola ndi za m'khitchini: nkhuku zotsukidwa ndi mankhwala a klorini ndi ng'ombe zobayidwa mankhwala okulitsa, zomwe ku America n'zololedwa koma ku Britain ayi. Britain ikazilola, isokoneza malonda ake ndi Ulaya, kumene imagulitsa zochuluka kuposa ku America. Pangano laling'ono la May 2025 linachepetsa msonkho pa magalimoto 100,000 a ku Britain pachaka, koma msonkho wa 10 peresenti umene Donald Trump anaika pa katundu wambiri unatsala.

*Zoopsa.* Wamng'ono alibe voti m'nyumba ya wamkulu. Mu 1946 America inadula mwadzidzidzi mgwirizano wa za nyukiliya, ngakhale asayansi a ku Britain anathandiza kupanga bomba loyamba. Mu 1956, Britain italowa nkhondo ya ku Suez ku Egypt, America inaifinya pa ndalama mpaka inabwerera, ndipo nduna yaikulu Anthony Eden anatula pansi udindo patangopita miyezi iwiri. Mu 1983 America inalowa ndi asilikali mu Grenada, dziko limene mfumukazi yake inali Elizabeth, nduna yaikulu ya Britain Margaret Thatcher atakana. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Koma njirayi ili ndi chimene yoyamba ilibe: ufulu wokana. Nduna yaikulu Harold Wilson anakana kutumiza asilikali ku Vietnam ngakhale pulezidenti wa America Lyndon Johnson anamuumiriza. Bwanamkubwa wa chigawo cha 51 sakanatha kutero.

Ndiye musankhe iti?

Ngati muli mbali yovomera ndipo oweruza alola kuti inu mutanthauzire mawu akuti umodzi, tengani yachinayi. Ili ndi zitsanzo zimene zikugwira ntchito lero, siifuna kugwetsa mfumu kapena kusintha malamulo aakulu, ndipo mafunso ake ovuta ndi awiri okha: msonkho ndi tsankho. Yambani ndi Ireland, chifukwa palibe angakane kuti maiko amene anamenyana angathe kugawana ufulu wotere.

Ngati muli mbali yotsutsa, kakamizani anzanuwo kuti anene njira yawo m'mphindi yoyamba. Akati yoyamba, afunseni za Dunblane ndi Northern Ireland. Akati yachiwiri, afunseni za zigawo 38 ndi kawerengedwe ka mavoti. Akathawira ku Commonwealth, akumbutseni kuti Togo ilimo ndipo palibe amati Togo ndi Britain ndi dziko limodzi. Inuyo imani pa yachisanu, koma musainamizire kuti ndi yaulere: vomerani za Suez ndi Iraq nokha asanakutchulireni, kenaka bweretsani Wilson.

Ngati mukulemba nkhani ya m'kalasi ya mbiri kapena ya ndale, yachiwiri ndi imene ili ndi zolemba zambiri, chifukwa imakulolani kuyerekeza 1707, 1940, 1953 ndi 1964, ndipo ziwiri mwa zimenezi n'za kwathu konkuno.

Ngati oweruza aumirira kuti dziko limodzi ndi mbendera imodzi, pasipoti imodzi ndi pulezidenti mmodzi, mwatsala ndi yoyamba yokha. Pamenepo pemphani zigawo zinayi osati chimodzi, kuti Scotland ndi Wales akhale ndi maseneta awoawo, ndipo nenani poyera kuti Northern Ireland iyenera kuvota payokha mgwirizano usanasainidwe. Mfundo yanu yamphamvu ndi mipando 70 ija: kuti Britain imamva kale kutentha kwa zisankho za ku Washington popanda kuvota nawo. Funso la mfuti lidzabwera ndithu, ndipo mulikonzekere lisanafike la mfumu.